Thumba la mpunga mayi ali moyo

Aulutsi, muwerenge mokweza, ine sindinong'ona. Kuno ku Chia ndine ndimalengeza zopepesa pamaliro, chimkuzamawu sindichifuna.

Mayi akunyumba atawachotsa bere chifukwa cha khansa, mawu anga onse anathawa. Ndinkaopa kuti mnzanga adzalengeza zopepesa pakhomo panga. Koma mayiwo alipo, akundikalipiranso ngati kale.

Tsono kunabwera a bungwe losonkhetsa thandizo loti madokotala afufuze bwino matendawa. Anthu anangoyang'ana pansi. Ine ndinaimirira: "Thumba la mpunga, lochokera kwa ine! Winanso ndani?" Nkhuku ndi chinangwa zinayamba kutuluka m'nyumba.

Mayi anandikoka malaya. "Bambo, tsitsani mawu, si maliro ano."

Ndinati, "Mayi, n'chifukwa chake ndikukuwa."