Duku Lowala la a Nyamhango

A Nyamhango anasokerera nyali pa duku lawo loyera la Umanyano, gulu la amayi a m'tchalitchi, osapempha chilolezo kwa akulu a mpingo. Amuna awo anafotokozera mayi wina wachilendo nkhaniyi pa siteji ya Bolero, onse awiri atatopa ndi kudikira minibasi.

"Nyali pamutu, adada? Siinawatenthe?" anafunsa mayiyo.

"Ayi, amama, siitentha. Ndi yopyapyala ngati nsalu, ndipo imapindika osathyoka. Anatumiza ndi mwana wathu Mtende, amene akuphunzira kunja. Akuti m'kati mwake muli timawaya tochepa kuposa tsitsi, totulutsa kuwala koyera."

"Nanga ankaifuniranji?"

"Maso awo anafooka. Tchalitchi chathu n'chamdima, ndipo zilembo za m'buku la nyimbo sankaziona."

"Ndiye cholakwa n'chiyani pamenepo?"

"Nyimbo itatha, anaiwala kuzimitsa. Abusa ali pakati pa pemphero, ana anaona mutu ukuwala n'kuyamba kuseka, mpaka pemphero linadukira panjira."

"Pepani chomene, adada."

"Yewo, amama. Ndapepesa kwa akuluwo mpaka miyendo yalema. Awaletsa kuvala yunifolomu mpaka Pasaka, ndipo tsopano amakhala pa benchi lakumbuyo, buku lili lotseka."