Bodza limene ndinamunenera Malini

Zaka zimene ndinkafika kuno ku Leeds, ku Mangalande, mutu uno usanachite imvi, Amalawi tinali owerengeka, moti ukamva munthu akuyankhula Chichewa m'basi unkatsika naye ngakhale usanafike kwanu. Lero inu mwadzaza tchalitchi chonse. Senderani kuno, ndikuuzeni zimene sindinaululepo kwa abusa.

Ndinayamba ntchito ya unesi pa wodi ya okalamba mwezi umodzi ndi mayi wina wa ku Sri Lanka, dzina lake Malini. Tinkazizidwa limodzi podikira basi, tinkasochera limodzi m'makonde a chipatala, koma chaka chisanathe odwala anayamba kufuna iyeyo. Ine ndawasambitsa, ndawadyetsa, msana ukuwawa, koma nkhalamba ikangotsegula maso inkafunsa kuti Malini abwera liti. Ndinkamwetulira, mkatimu mukuyaka moto. Ndiye udindo woyang'anira wodi utapezeka tinafunsira tonse awiri, n'kupatsidwa iye.

Masana ena ndinamupeza m'kachipinda kosungira nsalu atakhala mowongoka, atatsinzina, manja ali pamiyendo. Ndinkadziwa kuti inali nthawi yake yopuma, ana inu, ndinkadziwa bwinobwino, koma ndinapita kwa abwana kukanena kuti amagona pa ntchito odwala akuitana. Anamuitanitsa, nkhani inafufuzidwa, ndipo akanatha kuchotsedwa ntchito n'kubwerera kwawo ndi ana ake aang'ono. Zitaoneka kuti n'zabodza ndinkangodikira tsiku loti andibwezere, paja choipa chitsata mwini.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho mayi anga anamwalira ku Ntcheu, nyengo ya Khirisimasi imene pa wodi salola munthu kuchoka popanda womulowa m'malo. Malini anasiya tchuthi chake natenga mashifiti anga onse, ine n'kukwera ndege kukaika mayi. Nditabwerako ndinamufunsa ngati sankadziwa amene anamunenera, ndipo anati ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Anandifotokozera kuti m'chipembedzo chawo cha Chibuda amaphunzira kuti munthu akafa amabadwanso, ndipo komwe akabadwireko kumatsatira zimene anachita. Anati kupatsa kumamuphunzitsa munthu kusaumirira zinthu, ndipo kupewa kupha, kuba, chigololo, bodza ndi mowa kumamutchinjiriza kuti asakabadwire kozunzika. Kukhala chete kuja, atatsinzina n'kumangotsatira mpweya wake, anati n'kumene kumamuthandiza kuuona mkwiyo usanafike pakamwa.

"Ndikakusungirani chakukhosi," anatero, "ndidzafa nacho n'kukabadwa nacho. Katundu ameneyo sindimufuna."

Ndinamuyankha kuti ine ndine Mkhristu, kwathu munthu amafa kamodzi. Anangovomera ndi mutu n'kubwerera kwa odwala.

Mukuganiza kuti nsanje inathera pomwepo? Ayi, inangosamuka. Za udindo ndinaiwala, koma ndinayamba kusirira mtima wakewo, ndipo zinkandiwawa kuti ine woimba kwaya Lamlungu lililonse ndinapambanidwa ndi munthu amene sanatsegulepo Baibulo. Paja kupatsa n'kuika, ndiye ndinkadzitonthoza kuti sanachitire ine, ankadziikira yekha za moyo winawo. Koma kaya ankaikira ndani, ine pamanda a mayi anga ndinakaimapo.

Tinagwira ntchito limodzi mpaka tonse tinapuma. Pano amakhala ku Hull kwa mwana wake, ndipo nditamuona chaka chatha nkhope yake inali yosalala ngati ya mtsikana, ine makwinya onsewa, moti m'sitima pobwerera ndinapeza kuti ndikumusiriranso.

Inu a masiku ano mumachitirana nsanje pa magalimoto ndi zithunzi za pafoni, koma nthendayo ndi yomweyo. Mnzanu akakwezedwa pa ntchito, mtima n'kuyamba kutentha, muzikhala kaye pansi musanakagogode pa chitseko cha abwana. Ine ndinakagogoda, ndipo mawu oti pepani adakali m'kamwa muno mpaka lero.