Chitsime cha Malume Agustino

Aroni, wa ku yunivesite, ankafufuza za elekitirodi, kandodo kamene ukakaviika m'madzi kamayeza mchere wa mtundu umodzi wokha. Tsiku lokaonekera ku Kasakula kwa a Agustino, malume ake a bwenzi lake Lidia, amene mawu awo okha akanamanga kapena kuthetsa ukwati, mnyamatayo anavala malaya oyera mbee, koma chikwama cha ntchito sanachisiye.

"Chitsime icho ndinakumba ndekha," anatero a Agustino, akumupatsa kapu. "Madzi ake ndi amene alera Lidia. Imwani."

"Zikomo, malume." Aroni anatulutsa kandodo n'kukaviika m'kapumo.

"Aaa! Ndati imwani, osati takasani!"

"Ndikuyeza nayitireti. Amachokera ku feteleza wa m'minda ya fodya."

"Ndiye ine ndimathira feteleza m'chitsime?"

"Ayi, malume. Imathira ndi mvula."

"Mvula ya pakhomo panga?"

"Ya paliponse."

Aroni anavuula kandodoko, anakatsira madzi a m'kabotolo, n'kukapukuta mosamala ndi tishu. Maso a malume anatuluka.

"Amenewonso ndi madzi anji?"

"A ku labu, kumene timayezera zinthu ku yunivesite. Ndikukatsuka."

"Kali ndi litsiro lanji?"

"Madzi anu."

"Mayo ine! Madzi anga n'kuchita kuwatsuka ndi madzi ena?"

"Musadandaule, ndimatero ndi madzi a aliyense."

"Mwayenda m'zitsime zingati kodi?"

"Makumi anayi ndi ziwiri, kuyambira ku Chisepo."

"Ndipo paliponse mumapezapo mtsikana?"

Aroni anaganiza kaye. "Pafupifupi paliponse. Ndi amene amatunga."

Kuseri kwa zenera Lidia anatsokomola mwamphamvu. Aroni anaviikanso kandodo kaja.

"Mwayambanso?"

"Timabwereza katatu."

"Koyamba madzi anga ananama?"

"Sindikudziwa. N'chifukwa chake ndikubwereza."

A Agustino anaimirira, n'kukutumula fumbi pa buluku. "Longedzani, bambo. Mwana wa mlongo wanga sangapite kwa munthu woopa madzi a kwawo kwa mkazi. Mawa mudzaviika kandodoka m'ndiwo zake!"

"M'ndiwo sikagwira bwino. Mafuta amakatseka."

"Nyamukani!"

"Dikirani pang'ono, nambala ikhazikike... Eya. Naini."

"Naini pa handiredi? Chitsime changa chalephera mayeso?"

"Ayi, malume. Ikachepa ndiye bwino. Malire ake ndi fifite."

A Agustino anakhalanso pansi pang'onopang'ono. "Nanga cha a Malizani, kutsidya kwa dimba uko? Aja anachita kuitanitsa amisiri, n'kumatiuza m'tchalitchi kuti chathu n'chithaphwi?"

Aroni anatsegula kope. "Ndinayeza Lachiwiri. Fote wani."

"Bwerezani."

"Fote wani. Si oopsa, komabe..."

"Ine naini?"

"Naini."

"Mwa zitsime zonse zija, ndani wandiposa?"

Aroni anayendetsa chala mpaka pansi pa tsamba. "Palibe."

A Agustino anatenga kandodoko ndi manja awiri ngati khanda, n'kukuwa chakuzenera: "Lidia! Gwira tambala uja, ndipo uitane a Malizani adzadye nafe!" Kenako anatembenukira kwa Aroni.

"Ukwati ulipo, apongozi, koma wachikamwini. Inu ku Lilongwe muzipita mukafuna. Kandodo aka sikachoka pamudzi pano."