Moto Unathera M'waya Tsiku la Maliro a Bambo

Okondedwa omvera, ndimakhala ku Nkope ndipo ndili ndi kagalimoto kamene ndinamangamo masipika olengezera malonda. Ampulifaya, makina okwezera mawu, ndinalumikiza ndekha ndi waya woonda wa m'nyumba. Ndikakweza mawu, nyali zinkaphethira, ampulifaya n'kuzima. Makaniko wina anandiuza kuti, "Achimwene, moto ukuthera m'njira. Ikani waya wonenepa, ndipo palani dzimbiri pamene mwamangira waya wa ku chitsulo cha galimoto." Ndinati ndidzakonza mawa.

Bambo anamwalira m'mawa wa Lachinayi. Kwathu kwa Asilamu maliro sagonera, choncho anati tiika ikatha swala, pemphero lathu la masana. Abale anandituma kulengeza m'midzi. Ndikangoti "Tataya bambo athu," ampulifaya inkazima. Ndinasintha batire, osathandiza. Ndinayenda mpaka ku Makokola ndikukuwa pawindo, mawu atasasa.

Azakhali, mlongo wawo yekhayo wa bambo, alibe foni. Anali kumunda, chapatali ndi msewu. Anafika tsiku lotsatira, manda atawuma kale pamwamba. Sanakalipe. Anangoti, "Mwanangu, galimoto yako ndinaiona ikudutsa. Ndinakubayibitsa, ndimayesa ukutsatsa malonda."

Sabata yomweyo ndinagula wayayo, ndinapala dzimbiri lija. Ntchito yake sinatenge ndi ola limodzi lomwe. Lero masipika amamveka mpaka kugombe, koma ndikamadutsa pamunda wa azakhali ndimatsitsa mawu. Anzanga, chimene mwauzidwa kuti mukonze, konzani lero.