Dzina langa pa pepala la matemba

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikuuzeni za chaka chimene malo anga a ku yunivesite anatsala pang'ono kundipulumuka, ndipo wolakwa sanali wina koma ine ndemwe.

Ndinakulira kunsi kwa phiri la Michesi. Sitandade 8 ndinalemba katatu, ndipo ulendo wachitatu aphunzitsi anandipatsa dzina latsopano, monga ankachitira ndi obwereza masiku amenewo. Kusukulu ndinakhala Wilisoni Mukhiwa, kumudzi ndinali Yakobe yemwe uja. Mayeso a Fomu 4 ndinakhoza podziwerengera ndekha mabuku obwereka. Inali nthawi ya matipate, nyuzipepala zitaphuka ngati bowa, ndipo ine ndinkawerenga chilichonse, ngakhale chikutiro cha sopo. Chinkandizunguza mutu n'chakuti kwacha ikagwa kutauni, feteleza ankakwera kwathu ku Phalombe. Zikugwirizana pati? N'chifukwa chake pofunsira malo ndinasankha maphunziro a zachuma, ine mwini buluku limodzi.

Tsiku limene wailesi inkawerenga mayina a osankhidwa, ndinali kuchigwa kuwokera mpunga. Ndinapempha amalume, eni wailesi, kuti andimverere. Anatchera khutu mpaka dzina lomaliza, akudikira Yakobe. Munthu wofuna kukonza chuma cha dziko, ndinaiwala kuwauza dzina langa la kusukulu.

"Mulibemo iwe, mphwanga," anatero nditabwerako.

Mabuku ndinawatsekera m'katoni n'kuyamba kutola nkhuni m'phiri, kumakagulitsa pa njinga. Kutchalitchi ndinasamukira benchi yakumbuyo. Pemphero langa linafupika, ndinkangoti Ambuye, ngati njira iyi si yanga, ndichotsereni njala ya mabukuyi. Sanaichotse.

Pamsika panali a Esinati, mayi ogulitsa matemba a ku Chilwa. Iwowa ankandipatulira nyuzipepala zakale zokulungira nsomba, ati kuti ndisamawerengere makasitomala awo m'manja. Lachitatu lina anandiuza kuti ndagwa nayo, pepala lotsala linali la mayina okhaokha ngati kaundula wa kuchipatala. Ndinalitengabe, poti kwa ine mayina n'zowerenga ndithu. Pakati pa tsamba, pambali pa dontho la mafuta, panali Wilisoni Mukhiwa. Kunsi kwake analemba kuti wosafika ku yunivesite ku Zomba pokwana tsiku loikika malo ake apatsidwa kwa wina, ndipo tsikulo linali Lachisanu la sabata yomwe tinalimoyo.

Ndinakhala pansi pafumbi. A Esinati atamva nkhani yanga, anavundikira dengu lawo n'kundikoka dzanja mpaka pa lole ya alamu awo, imene inkapakira mpunga wopita ku Zomba.

"Alamu, katundu wina ndi uyu. Mukamutsitse pakhomo pa sukulu penipeni."

Ndinafika Lachinayi, ndikununkha matemba. Kalata yondiitana inali itagona ku mishoni, kumene kunkafikira makalata a kwathu, masabata atatu, chifukwa panalibe womudziwa Mukhiwa. Zaka zinayi zija ndinaphunzira zambiri za mitengo ya zinthu ndi misika, ndipo za feteleza zija ndinazimvetsa, ngakhale kumvetsa kwangako sikunatsitse mtengo.

A Esinati anatisiya, koma pepala lija likadali m'Baibulo langa. Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa lija n'kundiyankha bwino kuposa pamenepo. Inu amene mwauzidwa kuti mulibemo, musafulumire kutseka katoni, pitirizani kupemphera. Mwini wake amakudziwani ndi mayina anu onse. Amalume okha, mpaka tsiku lomwalira, ankandiitana Yakobe Wilisoni Mukhiwa, onse atatu pamodzi, ati sangaphonyenso kachiwiri.