Ndevu Zodikira Nkhungu

"Ndiye ndevu zonsezi, madala, n'za hoke?"

Mayi wina anafunsa mkulu wina wandevu zazitali pa siteji ya basi m'katauni kena ka ku Saskatchewan, moyang'anizana ndi nyumba yakale yamasewero a hoke, mpira womenya ndi ndodo pa madzi oundana.

"Mwambo mukuudziwa, mayi. Chipulula chikayamba, sitimeta mpaka timu yathu itatulutsidwa."

"Timuyo inathatu ndili mwana!"

"Inatha, koma sinatulutsidwe. Tsiku la masewero omaliza tinadzaza m'nyumbayi tikuimba, mpweya wathu n'kusanduka nkhungu. Osewera ankangoyandama ngati mizimu. Ndinkangomva nsapato zawo zikucheka madzi oundana. Oyimbira anaimitsa masewero zigoli zili ziwiri kwa ziwiri, ati tidzapitiriza nkhungu ikachoka."

"Mpaka lero?"

"Ndikatsinzina, mayi, sinachokebe."

"Lolemba akuigwetsatu nyumbayi. Mumeta?"