Kathumba ka M'jekete la a Sakala

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1906 m'mudzi muno mwa Kamsale, kwa Mlolo, anthu ali pakati pokumba mtedza. Dzina lawo ndi a Mailosi Sakala, ndipo mwa ana asanu ndi mmodzi a m'nyumba imene anabadwiramo, lero kwatsala alongo awo okha, a Lonia. Mafumu, abusa, akulu a mpingo ndi inu nonse anamalira, ine ndaimirira m'malo mwa akuchimuna. Mundilole mbiriyi ndiitalikitseko, chifukwa kuyambira dzulo pamaliro pano pakuyenda manong'onong'o amene sitingaike nawo munthu m'manda tisanawawongole.

Mu 1915 malemu anayamba sukulu ya mishoni ndipo analekezera Sitandade 2. Anabatizidwa mu 1922. Mu 1926 anauyamba wapansi kupita ku Halale, kumene analembedwa ntchito yosita zovala kwa telala wina wachimwenye. Akusita, maso anali pa makina. Pobwerera kuno mu 1934, anzawo anabwera ndi magalamafoni, iwo anabwera ndi makina osokera.

Mu 1935 anamanga ukwati woyera ndi mayi Idesi Mbewe a kwa Zingalume, amene timawatchula kuti aNambewe. Atakhala chikamwini zaka zitatu, anapempha chitengwa, ndipo aNambewe anasiya abale awo nadzakhala pakati pa ife. Mawu amenewa muwasunge: mayi amenewa kuno alibe mlongo, alibe malume.

Utelala wa malemu sindiufotokoza, theka la inu mwauvala. Zimene tinkawadziwa nazo ndi ziwiri. Choyamba ndi mano. Ulusi sankadula ndi sizasi, ankangouluma kamodzi, kenaka n'kumwetulira mano onse poyera. Chachiwiri ndi shuga. Tiyi wa a Sakala njuchi zinkachita kumulondola, ndipo amene ankabwera kudzasoketsa ankadziwa kuti malaya amatha msanga ukatsogoza kapepala ka shuga.

Mu 1951 malemu anayamba kuwonda akudya bwino. Ludzu silinkawatha, ndipo ankangodzukadzuka pamakina kupita kuseri. Amene anaona kuti pali chachilendo ndi aNambewe. Posesa anapeza nyerere zitaunjikana pamalo pamene amuna awo ankatayira madzi, tsiku ndi tsiku, malo ena onse osakhudza. Iwo ndiwo anawakakamiza kupita kuchipatala cha mishoni, ndipo kumeneko matenda anapatsidwa dzina: shuga. Dokotala analetsa shuga, uchi ndi nzimbe.

Malemu ankadzidziwa kufooka kwawo. Atafika kunyumba anaitana mkulu wa mpingo, a Andreya Tembo, amene ali pompano, nawalumbiritsa akazi awo pamaso pa iwo kuti ngakhale adzalire, ngakhale adzakalipe, shuga asadzawapatse. Ndipo analiradi. Miyezi yoyamba ankapempha, kunyengerera, kuwopseza kuti awabweza kwawo, koma aNambewe anauma mtima. Pofuna kuchotsa chiyeso, shuga anamuletseratu m'nyumba monse, ana omwe anazolowera phala lopanda kanthu. Malemu atayambanso kuona thupi likubwerera, anaimirira mumpingo kuthokoza akazi awo kuti kukana kwawoko ndiko kunawasunga.

Mu 1954 matenda anakula, ndipo achipatala anawayambitsa jakisoni wa insulini, wodzibaya okha m'mawa uliwonse. Kabotolo kankakhala pansi pa mtsuko kuti kazizizira. ANambewe ankawiritsa singano m'kapoto kake, kamene sikanaphikepo china chilichonse. Maso a malemu atayamba kuchita nkhungu, iwo ndiwo ankalowetsa ulusi m'singano ya makina. Mapazi atayamba dzanzi, iwo ndiwo ankawayang'ana madzulo aliwonse ngati mwalowa minga, pakuti eni akewo ankatha kuponda chisonga osamva.

Mu 1956 matendawa anafika m'kamwa. Nkhama zinatupa n'kumatuluka magazi, mano anayamba kugwedera. Ankatsuka ndi mswachi wofewa, kuchukucha madzi amchere monga anawauzira, koma nthenda ya shuga imachedwetsa chilonda kupola. Tsiku lina analuma ulusi, dzino n'kutsalira pa ulusiwo. Kuyambira pamenepo anagula kasizasi, ndipo poseka ankatseka pakamwa ndi dzanja. Ife amene tinkawadziwa kale zinkatimvetsa chisoni.

Lolemba lapitali, pa 12 Ogasiti 1957, anapita kuchipatala ndi tsaya lotupa mafinya, ndipo anawazula mano anayi. Achipatala anawauza kuti agonere konko mpaka atayamba kudya. Malemu anakana, chifukwa panali diresi la ukwati wa mawa Loweruka limene anali asanaike manja. Lachiwiri anapalasa njinga kubwerera. Lachitatu m'mawa anadzibaya jakisoni monga mwa masiku onse, pakuti chiyambire sanadumphitsepo. ANambewe anaphika phala, koma m'kamwa munakana, anangolawa n'kukankhira mbale pambali. Anakhala pamakina.

Dzuwa lili pamutu, makina anasiya kulira. ANambewe atatuluka anapeza amuna awo pakhonde thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, maso akuyang'ana ngati sakuwadziwa. Anawalowetsa m'nyumba n'kuwagoneka pamphasa. Malemu ankayesa kulankhula, koma ndi m'kamwa motupamo mawu amene ankamveka ndi amodzi okha: shuga. Anawabwereza kangapo.

Anamalira, ndikufunseni. M'nyumba imene kwa zaka zisanu ndi chimodzi mawu akuti shuga anali dzina la matenda, mayi ameneyu akanamva chiyani? Anawayankha kuti inde bambo, ndi shugayo wakwera, gonani apepuke. Ndipo ngati malemu anali kupempha shuga, aNambewe anali atalumbira kale pamaso pa mkulu wa mpingo kuti sadzapereka. Kenaka malemu anakweza dzanja kuloza jekete lawo limene linali pamsomali. Thupi linali litazizira, kunja kukuwomba mphepo ya Ogasiti. ANambewe anatsitsa jeketelo, nawafunditsa pachifuwa, nawagwira dzanja limene linkafufuzafufuza m'nsalumo kuti likhale chete. Malemu anagona. ANambewe ataona kuti sakudzuka, anakuwa, anthu anamanga ngolo yopita kuchipatala, koma dzuwa likulowa, asanafike n'komwe pakati pa ulendo, a Mailosi Sakala anatisiya.

Dzulo adzukulu potenga jekete lija kuti awaveke, anapeza mzere wa nyerere ukukwera khoma, kulowa m'kati mwa jeketelo. Atatsata anapeza kathumba kakang'ono kosokerera kunsi kwa nsalu ya m'kati, cha kumtima. Simunachedwe kukapatsa dzina. Ena munati chithumwa cha malemu, ndiye mpingo usaimbe. Ambiri, makamaka ife akuchimuna, tinati ndi cha mkazi, anasokerera ndani wina pamene mwini wake maso anali atafooka? Kuyambira dzulo masana aNambewe akhala okha pakona ya nyumba ya siwa. Mphasa yawo palibe wakhalapo.

M'mawa uno kwafika a Manase Daka, amene amathandiza dokotala kuchipatala kuja, ndipo ndiwo ankamasulira mawu pamene malemu ankaphunzitsidwa jakisoni. Kathumba kaja katumbulidwa pamaso pa mafumu, abusa ndi a Lonia. Muli shuga, woyera, wa m'sitolo. Msoko wake aliyense amene anavalapo chosoka a Sakala auzindikira.

A Manase atifotokozera kuti tsiku lomwe malemu anapatsidwa jakisoni, anapatsidwanso lamulo lachiwiri. Jakisoni ameneyu amatsitsa shuga wa m'thupi, ndipo munthu akabaya osadya, shugayo amatsikiratu. Zikatero munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera, ndipo mankhwala ake ndi shuga yemweyo, msangamsanga. Achipatala anawauza kuti aziyenda naye, ndiponso kuti akauze a kunyumba. Kuyenda naye anayenda naye. Kuuza sanauze. A Manase akuti atawafunsa ulendo wina, malemu anaseka n'kunena kuti angayambire pati kuuza mkazi amene anamulumbiritsa, ndi ana amene anawamana shuga zaka zonsezi, kuti bambo amayenda naye m'jekete. Anati adzanena akadzapeza mpata.

Sindikuwaimba mlandu malemu. Anali manyazi a munthu wokonda banja lake. Koma mayi amene mwamusala uja anachita chilichonse chimene anauzidwa, ndipo chimene sanauzidwe sakanachilota. Chilango ali nacho kale choposa chimene inu mungapereke. Chimvereni nkhaniyi m'mawa uno sanalire mokweza, akungoyang'ana dzanja lawo lamanja, lija anagwira nalo dzanja la amuna awo. Auza a Lonia kuti mawu aja akuwamvabe, ndipo tsopano akuwamva bwino.

Malemu asiya akazi awo, mayi Idesi Mbewe, ana anayi, Filipo, Esnat, Yoweli ndi Elinata, zidzukulu ziwiri, ndi alongo awo a Lonia. Tikuthokoza mafumu potipatsa malo, mpingo umene wavomera kuimba, adzukulu, amayi amene agona pano, a Tembo amene anabwereka ngolo, ndi a Manase amene apalasa njinga mtunda wonsewo osaitanidwa. Amayi akuchimuna, ndikakhala pansi ine, inu mudzuke mukakhale pamphasa ija.

Chomaliza ndi pempho la aNambewe, ndipo banja lavomera. Malemu apita atavala jekete lawo. Kathumba kaja aNambewe akasokanso ndi manja awo, koma sanakabwezere m'kati. Akaika m'thumba lakunja, la pachifuwa, pamene dzanja la aliyense lingafike.

A Sakala, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.